Manja a Akufa pa Phula: Mbiri ya Kujambula Nyimbo za Piyano za Nyengo ya Chopin ndi Liszt

Pa 2 Disembala 1889, m'nyumba ya banja la Fellinger mumzinda wa Vienna, Johannes Brahms adakhala pa piyano pafupi ndi makina achilendo. Makinawo adabwera ndi Theo Wangemann, nthumwi ya Thomas Edison, yemwe ankayendayenda m'mizinda ya ku Ulaya kuonetsa anthu otchuka kuti mawu akhoza kusungidwa pa phula. Brahms, yemwe panthawiyo adali ndi zaka 56, adaliza gawo la nyimbo yake yotchedwa Gule wa ku Hungary woyamba, kenaka kachidutswa ka nyimbo ya Josef Strauss. Gule uja adatenga ngati mphindi imodzi yokha. Silinda ya phula imene idalandira mawuwo, chinthu chobooka pakati ngati kachidutswa ka nsungwi, idanka nikutha chifukwa cholizidwa kawirikawiri, ndipo pamene inkakopedwa pa mbale ku Berlin mu 1935 n'kuti phokoso litamiza kale nyimbo. Munthu womvera lero amamva mkokomo wonga wa mvula pa malata, ndipo kuseri kwa mkokomowo, chapatali, kumamveka kugunda kwa munthu woliza piyano mwamphamvu.

Silinda imeneyi ndiyo yokha imene Brahms adasiya. Komabe m'phokosolo muli nkhani. Pamene Jonathan Berger ndi Charles Nichols adaisanthula ndi kompyuta n'kufalitsa zopeza zawo mu 1994, adaona kuti Brahms sankaliza ndendende zimene iye mwini adalemba. Mawu ena ankawatalikitsa, ena ankawafupikitsa, ndipo m'malo ena ankaonjezerapo za pomwepo. Apa ndiye pagona funso limene mbiri yonse ya kujambula nyimbozi ikuyesa kuyankha: kodi nyimbo yeniyeni ili pa pepala la manotsi, kapena inali m'manja mwa anthu amene ankaidziwa pomva?

Nyengo ndi chida chake

Nyengo imene akatswiri a mbiri ya nyimbo amaitcha ya Romantiki idayamba cha m'ma 1820 n'kufika kumapeto kwa zaka za m'ma 1800. Opeka nyimbo a nthawiyo ankafuna kuti nyimbo izitulutsa zamumtima mwa munthu mmodzi, chisoni chake, kukhumba kwawo, maloto ndi mkwiyo wake, ndipo chida chimene chidawakomera koposa chidali piyano. Chidachi chidakula limodzi ndi nyengoyo. Mu 1821 kampani ya Érard idakonza njira yoti kiyi imodzi ithe kulira mobwereza mwamsangamsanga. Mu 1825 Alpheus Babcock wa ku Boston adapanga chimango chachitsulo chogwira nsambo, chimene chidalola kuti nsambozo zikungidwe kwambiri ndi kulira mokweza. Pofika 1859 a Steinway ku New York adali atapeza njira yopingasitsa nsambo za besi pamwamba pa zinzake, ndipo piyano idayamba kufanana ndi ya masiku ano ya makiyi 88.

Munthu mmodzi tsopano akadatha kudzaza holo yonse ndi mawu popanda womuthandiza. Franz Liszt ndiye adazoloweretsa anthu kumvera woyimba mmodzi madzulo onse. Frédéric Chopin adapeka nyimbo zazifupi zambiri, monga za usiku zotchedwa nocturne ndi magule a kwawo ku Poland otchedwa mazurka. Robert Schumann adapeka timagulu ta nyimbo zing'onozing'ono, ndipo mkazi wake Clara, mmodzi mwa oyimba piyano otchuka kwambiri a nthawiyo, adazifalitsa ku Ulaya konse.

Anthu amenewa ankaphunzitsanso, ndipo zambiri zimene ankaphunzitsa sizinkalembedwa. Chopin ankapezera zofunika pa moyo wake makamaka mwa kuphunzitsa ku Paris, ndipo nthawi zina ankalemba ndi pensulo m'mabuku a ophunzira ake tizokometsera tosiyana ndi tomwe tidasindikizidwa. Liszt ankasonkhanitsa achinyamata ku Weimar n'kumawaphunzitsa osawalipiritsa. Clara Schumann adaphunzitsa ku Frankfurt kuyambira 1878 mpaka 1892. Pepala linkanena mawu oti alizidwe. Kalizidwe kake kankachoka kwa mphunzitsi kupita kwa wophunzira kudzera m'khutu, monga momwe mwana amatolera kalankhulidwe ka kwawo osakalembera pena paliponse.

Makina adafika mochedwa

Edison adapanga makina ake oyamba osunga mawu mu 1877, koma adali osathandiza kwenikweni pa nyimbo mpaka 1888 pamene adayamba kugwiritsa ntchito phula. Pofika chaka chimenecho, Felix Mendelssohn adali atamwalira mu 1847, Chopin mu 1849, Robert Schumann mu 1856, ndipo Liszt adali atangotsikira kulichete mu 1886. Clara Schumann adakhala ndi moyo mpaka 1896, koma sadajambulidwe.

Chowawa kwambiri ndi nkhani ya Anton Rubinstein wa ku Russia, yemwe ambiri ankamuika pambali pa Liszt. Mwayi womujambula udalipo, ndipo udadza kudzera mwa Julius Block, wamalonda wobadwira ku Pietermaritzburg ku Natal mu 1858 koma wokulira ku Russia. Block adakacheza kwa Edison n'kubwerako ndi makina, ndipo mu 1890 adasonkhanitsa akatswiri angapo a nyimbo ku Moscow, kuphatikizapo Rubinstein ndi Pyotr Tchaikovsky. Anzake adamunyengerera Rubinstein kuti akhale pa piyano, iye adakana kwamtuwagalu. Silinda ya tsikulo ilipobe, ndipo mumamveka anthu akucheza, kuseka, kuyesa mawu ndi kuyimba mluzu. Rubinstein adamwalira mu 1894, ndipo kalizidwe kake adapita nako.

Block sadaleke. M'zaka zotsatira adajambula oyimba piyano monga Sergei Taneyev, Paul Pabst ndi Josef Hofmann, wophunzira wa Rubinstein yemweyo. Masilinda ake ambiri adasungidwa ku St Petersburg osadziwika ndi anthu ambiri, mpaka kampani ya Marston idawatulutsa mu 2008. Choncho zina mwa nyimbo za Chopin zoyambirira kujambulidwa zidakhala zaka zoposa 100 zisadamvedwe ndi dziko.

Nyanga, singano ndi mphindi zinayi

Malonda enieni a nyimbo zojambulidwa adabwera ndi mbale yafulati ya galamafoni, imene Emile Berliner adaikonza mu 1887. Mbale idaposa silinda chifukwa kudali kosavuta kudinda zambirimbiri kuchokera pa imodzi. Mpaka 1925 kujambula kunkachitika popanda magetsi. Woyimba ankaliza kutsogolo kwa nyanga yaikulu yonga lipenga, mphepo ya mawuwo inkanjenjemeretsa kachikopa kumapeto kwa nyangayo, ndipo kachikopako kankayendetsa singano yolemba timizere pa phula lozungulira.

Njira imeneyi inkakomera mawu a munthu koma piyano inkaizunza. Mawu apansi kwambiri a besi sankalowa, apamwamba kwambiri ankazilala, mawu ofewa ankamira m'phokoso la singano, ndipo okweza ankaononga timizere. Kawirikawiri ankagwiritsa ntchito piyano yaing'ono yoimirira, yokwezedwa pa nsanja kuti msana wake ulunjikane ndi nyanga. Mbali imodzi ya mbale yaikulu, yozungulira ka 78 pa mphindi, inkatenga mphindi zinayi kapena kupitirirako pang'ono, ndipo yaing'ono inkatenga zitatu. Woyimba akalakwitsa, panalibe kukonza: ankayambiranso pa phula latsopano, kapena ankangochisiya cholakwacho.

Ferruccio Busoni, katswiri wa ku Italy, adalembera mkazi wake kuchokera ku London mu 1919 kudandaula za ntchitoyi. Adamupempha kuti nyimbo ya Liszt yotenga mphindi khumi aipanikize m'mphindi zinayi, kwinaku akusamala kuti asaponde kwambiri chopondera, asalize mokweza mbali ina, ndiponso asalakwitse chifukwa cholakwacho chikhala mpaka muyaya. Adaona kuti m'mikhalidwe yotere munthu sangayimbe momasuka.

Ngakhale zidali choncho, anthu ofunika adalola kujambulidwa. Mu Meyi 1903, ku Paris, Edvard Grieg wa ku Norway adajambula mbali zisanu ndi zinayi za nyimbo zake. Chaka chomwecho, mumzinda womwewo, Raoul Pugno adajambula nyimbo za Chopin, ndipo chaka chotsatira Camille Saint-Saëns adachita chimodzimodzi ndi nyimbo zake. Makina a ku Paris adali ndi vuto lozungulira mosakhazikika, moti mawu a Grieg ndi Pugno ankamveka ngati akugwedezeka, ndipo padapita zaka zoposa 100 kuti kompyuta iwongole vutolo. Vladimir de Pachmann adayamba kujambula mu 1907, Ignacy Jan Paderewski mu 1911 kunyumba kwake ku Switzerland, ndipo Sergei Rachmaninoff mu 1919 ku America.

Mipukutu ya pepala

Padali njira inanso. Cha m'ma 1904, kampani ya Welte ya ku Freiburg ku Germany idatulutsa piyano yodziliza yokha yotchedwa Welte-Mignon. Woyimba akamaliza piyano yokonzedwa mwapadera, makina ankalemba pa pepala lalitali nthawi imene kiyi iliyonse yatsika ndi kukwera, kenaka pepalalo linkaboolidwa timabowo. Mpukutuwo ukaikidwa m'piyano ina, mphepo yodutsa m'timabowomo inkatsitsa makiyi monga adachitira woyimba uja. Ubwino wake udali wakuti womvera ankamva piyano yeniyeni m'chipinda chake, popanda phokoso la singano.

Mipukutuyi idasunga anthu amene mbale sidawapeze. Carl Reinecke, wobadwa mu 1824, yemwe adadziwana ndi Mendelssohn ndi Schumann, adajambula mipukutu mu 1905 ali ndi zaka 80. Theodor Leschetizky, wobadwa mu 1830, wophunzira wa Carl Czerny yemwe adali wophunzira wa Beethoven, adajambula mu 1906. Teresa Carreño wa ku Venezuela sadasiye mbale ngakhale imodzi, ndipo amamveka kudzera m'mipukutu yokha.

Komabe mpukutu ndi mboni yofunika kuisamala. Amisiri a kampani ankatha kutseka kabowo kolakwika ndi kuboola kena. Kulemera kapena kufewa kwa zala sikunkalembeka molongosoka ngati nthawi ya mawu, ndipo njira imene a Welte ankalembera mphamvu ya kalizidwe adaisunga mwachinsinsi, fakitale yawo n'kudzaphulitsidwa ndi mabomba mu 1944. Kuonjezera apo, mpukutu umodzi umamveka mosiyana malinga ndi piyano imene waikidwamo ndi liwiro limene ukuyendera. Chimene mpukutu umanena mokhulupirika ndi dongosolo la mawu: liti lidayamba kulira, liti lidatsatira, ndipo padapita mpata wotani.

Umboni wa ophunzira

Maikolofoni idalowa m'nyumba zojambulira mu 1925, ndipo piyano idayamba kumveka ngati piyano. Mwamwayi, idapeza ophunzira ambiri a akuluakulu aja akadali moyo. Mwa ophunzira a Liszt padali Emil von Sauer, Arthur Friedheim, Frederic Lamond, Moriz Rosenthal ndi José Vianna da Motta, Mpwitikizi wobadwira pa chilumba cha São Tomé mu 1868. Mwa ophunzira a Clara Schumann padali Fanny Davies, yemwe adajambula nyimbo za Schumann cha m'ma 1929, ndi Adelina de Lara, yemwe adajambula kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950 akuyandikira zaka 80. Ophunzira a Chopin mwini sadajambulidwe, koma adzukulu ake m'maphunziro adatero. Pugno adaphunzira kwa Georges Mathias, pamene Rosenthal ndi Raoul Koczalski adaphunzira kwa Karol Mikuli, ndipo Mathias ndi Mikuli onse adali ophunzira a Chopin. Padalinso Francis Planté, yemwe adali ndi zaka khumi pamene Chopin ankamwalira. Amisiri adamutsatira ku Mont-de-Marsan mu 1928 ali ndi zaka 89, ndipo pamapeto pa nyimbo ina yovuta ya Chopin nkhalambayo imamveka ikutukwana.

Anthu amenewa adali a mayiko, aphunzitsi ndi makhalidwe osiyana, koma m'kalizidwe ka ambiri a iwo mumapezeka zizolowezi zitatu zimene pepala silinena.

Choyamba, manja awiri sankatsika pamodzi nthawi zonse. Dzanja lamanzere, loliza mawu operekeza, linkayamba, ndipo lamanja, lonyamula liwu lotsogolera, linkabwera pambuyo pang'ono. Mu nocturne ya Chopin imene Leschetizky adajambula mu 1906, zimenezi zimamveka pafupifupi m'mzera uliwonse, ndipo Paderewski, wophunzira wake, adatchuka nazo. Cholinga chake chidali chakuti liwu lotsogolera liime palokha ndi kumveka ngati la munthu, monga momwe wotsogolera nyimbo waluso amachedwerako dala pamene ng'oma ikupitirira osasintha. Izi zikugwirizana ndi zimene ophunzira a Chopin adasimba, zoti iye ankawauza kuti dzanja lamanzere lizisunga nthawi pamene lamanja likuyenda momasuka.

Chachiwiri, mawu olembedwa kuti alire pamodzi ankawamwaza, kuwaliza motsatizana mofulumira kuchokera pansi kupita pamwamba ngati munthu wokhwekhwereza chala pa nsambo za gitala. Mipukutu ya Reinecke yadzaza ndi kalizidwe kotere, ngakhale m'malo amene pepala silidaike chizindikiro chilichonse.

Chachitatu, liwiro la nyimbo linkasinthasintha. Pamene nyimbo ikukwera ankathamanga, pamene ikudekha ankachedwa, ndipo kawirikawiri nyimbo zodekha ankaziliza mofulumirapo kusiyana ndi mmene zimalizidwira lero. Ilona Eibenschütz, yemwe Brahms mwini adamulizira nyimbo zake zomaliza za piyano zisadafike poyera, adajambula imodzi mwa nyimbozo mu 1903 pa liwiro limene aphunzitsi ambiri a lero angalidzudzule.

Padalinso ufulu wosintha mawu enieni. Mu 1938 Koczalski adajambula nocturne yodziwika kwambiri ya Chopin ndi tizokometsera timene sitili m'buku losindikizidwa, timene Mikuli adatilandira kwa Chopin. Mu 1930 Rachmaninoff adajambula sonata yachiwiri ya Chopin, imene ili ndi gawo la maliro. Pamene nyimbo ya maliroyo ikubwerera kachiwiri, pepala likunena kuti ilizidwe motsitsa, koma iye adailowa ndi mphamvu zonse kenaka n'kumaitsitsa pang'onopang'ono, ngati chigulu cha anthu operekeza maliro chimene chafika pafupi n'kumapita kutali. Maganizo amenewa adawatenga kwa Anton Rubinstein, yemwe adamumva akuyimba iye ali mnyamata. Motero kanthu kena ka Rubinstein kadalowabe pa mbale, patapita zaka 36 chimwalirire mwini wake.

Mboni nayo iyenera kufunsidwa

Sikuti zonse zomveka pa mbale zakale n'zochokera kwa Chopin kapena Liszt. Pali zifukwa zomveka zokayikirira. Ambiri mwa oyimbawa adajambulidwa atakalamba, zala zitayamba kulemera. Rosenthal adayamba kujambula mbale cha m'ma 1928, patapita zaka zoposa 40 chimwalirire Liszt, ndipo m'zaka zoterozo munthu amasintha. Koczalski adali mwana pamene ankaphunzira kwa Mikuli, yemwe adali kale nkhalamba. Kuthamanga kwina kukhoza kukhala kuti kudadza chifukwa cha mphindi zinayi zija. Komanso ophunzira a mphunzitsi mmodzi sankaliza mofanana: Sauer ndi Friedheim akusiyana, ndipo Davies ndi Eibenschütz akusiyana.

Kukayika kumeneku kukuchepetsa mphamvu ya mboni imodzi payokha, koma kukulephera kugwetsa umboni wa onse pamodzi. Mipukutu ya pepala idalibe malire a mphindi zinayi, koma zizolowezi zija zikupezekamo. Nyimbo zambiri zojambulidwa pa mbale zidali zazifupi, zokwana bwino popanda kuthamanga. Mabuku ophunzitsira piyano a m'zaka za m'ma 1800 amatchula za kumwaza mawu ndi kuchedwetsa liwu lotsogolera, ena kuyamikira, ena kuchenjeza kuti zisapyole muyezo, ndipo munthu sachenjeza za chinthu chimene palibe akuchita. Koposa zonse, opeka nyimbo amene adajambulidwa, Brahms, Grieg ndi Saint-Saëns, akumveka akuchita ndi nyimbo zawo zomwe mwaufulu womwewo. Robert Philip m'buku lake la mu 1992 ndi Neal Peres Da Costa m'buku lake la mu 2012 adasonkhanitsa umboni umenewu mwatsatanetsatane, n'kuonetsa kuti zimene mibadwo ya pambuyo idazitcha ulesi kapena kudzionetsera zidali chinenero chimene oyimba ndi omvera a nthawiyo ankamvana nacho.

Makina asintha woyimba

Chodabwitsa m'mbiri imeneyi n'chakuti makina amene adasunga kalizidwe kakale ndi omwewo adathandiza kukathetsa. Kale nyimbo inkamveka kamodzi n'kupita. Cholakwa chinkaiwalika, ndipo kachinthu kodzidzimutsa kankakoma chifukwa kanali ka tsiku lomwelo. Pa mbale, cholakwa chomwecho ndi kudzidzimutsa komweko zimabwera pamalo omwewo nthawi iliyonse singano ikatsika, mpaka womvera amayamba kuzidikira ndi kunyansidwa nazo. Oyimba nawo adayamba kudzimva okha kwa nthawi yoyamba, ndi kumva anzawo a kutali. Mwana wophunzira piyano ku Lisbon ndi mnzake wa ku Warsaw tsopano ankamvera mbale imodzimodzi. Pamodzi ndi zimenezi padadza maganizo atsopano, amene adakula nkhondo yoyamba ya dziko lonse itatha, akuti ntchito ya woyimba ndi kumvera pepala ndi kudzichotsapo yekha. Pofika zaka za m'ma 1950, wophunzira wotsitsa dzanja lamanzere lamanja lisadafike ankadzudzulidwa.

Alfred Cortot wa ku France akuimira malire a nyengo ziwirizi. Iye adali mmodzi mwa oyamba kujambula ndi maikolofoni mu 1925, ndipo nyimbo za Chopin zimene adajambula m'zaka za m'ma 1920 ndi 1930 zili ndi mawu olakwika amene aliyense angawamve. Mpaka lero zikugulidwabe ndi kuphunziridwa chifukwa cha mmene amayankhulitsira piyano. Koma kampani ya masiku ano singalole kutulutsa mbale yokhala ndi zolakwa zotero.

Mu 1948 kudabwera mbale yoyenda pang'onopang'ono yotenga mphindi zoposa 20 mbali imodzi, ndipo cha nthawi yomweyo tepi idalowa m'nyumba zojambulira. Tepi inkatheka kuidula ndi lumo ndi kuilumikiza, moti nyimbo imodzi ikadatha kusokedwa kuchokera ku zidutswa zambiri. Ubwino wake udali waukulu, pakuti nyimbo zazitali zidayamba kumveka zathunthu, ndipo zochitika za m'holo zinkasungika. Pa 16 Sepitembala 1950, ku Besançon, Dinu Lipatti wa ku Romania, akudwala kwambiri, adayimba komaliza pamaso pa anthu. Adafuna kuliza magule 14 a Chopin otchedwa waltz, mphamvu zidamuthera atatsala ndi mmodzi, ndipo adamwalira mu Disembala chaka chomwecho ali ndi zaka 33. Tepi ya tsikulo idasunga madzulo amenewo monga adaliri. Koma tepi yomweyo inkathanso kubisa. Pamene Vladimir Horowitz adabwerera ku Carnegie Hall mu 1965 atakhala zaka 12 osayimba poyera, mbale imene idatuluka idali itakonzedwa m'malo ena olakwika, ndipo zojambulidwa zosakonza zidadzatuluka mu 2003.

Mapeto a njira imeneyi adaoneka mu 2007. Zimbale zoposa 100 zotuluka m'dzina la Joyce Hatto wa ku England, yemwe adamwalira mu 2006, zidali zitatamandidwa kwambiri ndi olemba za nyimbo. Kenaka zidadziwika kuti zambiri zidali za oyimba ena, zina zitafulumizitsidwa kapena kuchedwetsedwa pang'ono ndi kompyuta. Nyimbo zina za Liszt zidapezeka kuti ndi za László Simon, ndipo ma mazurka a Chopin adali a Eugen Indjic. Akatswiri a makutu akuthwa adanyengeka kwa zaka zingapo. Chinyengo chotere chikadavuta kwambiri ndi Pachmann, Cortot kapena Ignaz Friedman, pakuti aliyense wa iwo amadziwika m'mizere iwiri yoyamba.

Mawu omaliza

Akuluakulu adati mawu a akuluakulu amakoma akagonera. Kwa zaka zambiri mbale zakalezi zinkasekedwa kuti ndi za nkhalamba zosadziwa kuwerenga pepala. Kuyambira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1900, makampani ang'onoang'ono monga Pearl, APR, Naxos ndi Marston adayamba kuzitsuka ndi kuzitulutsanso, ndipo lero zambiri zikupezeka pa intaneti kwa aliyense. M'masukulu ena a nyimbo, ophunzira akuyesera dala kuliza monga Reinecke kapena Koczalski, kuti amve m'zala zawo chimene anthu aja ankachita. Ntchitoyi ili ndi ngozi yake, chifukwa kukopera ndendende ufulu wa munthu wina kukhoza kungosanduka pepala lina lofunika kulimvera.

Chimene mbalezi zikutsimikiza n'chakuti manotsi a Chopin, Schumann, Liszt ndi Brahms adalembedwera anthu amene ankadziwa kale zoonjezerapo, ndipo opekawo sadaone chifukwa cholembera zimene aliyense ankazimva tsiku ndi tsiku. Anthu odziwawo atatha, pepala lidatsala lokha n'kumaoneka ngati lokwanira. Makina adafika Chopin ndi Liszt atapita, koma adapeza mbadwo womaliza umene udawamva kapena kumva ophunzira awo, ndipo adausunga mosakwanira, m'mphindi zinayizinayi, pakati pa phokoso la singano. Wofuna kudziwa mmene nyimbozi zinkamvekera ali ndi mboni ziwiri, pepala ndi phula, ndipo iliyonse ikunena zimene inzake idasiya. Silinda ya Brahms ikusungidwa ku Berlin, yong'aluka ndi yokokoloka, ndipo akatswiri akubwererabe kwa iyo ndi zida zatsopano kuti amvetse bwino mphindi imodzi ija.